Ndemanga pa fomu ya wophunzira udokotala: zoyenera kulembamo, ndi pamene zimasokonekera

Wophunzira udokotala akamaliza masabata ake m'wodi ya ana kapena ku matenite, amatenga fomu kupita nayo kwa dokotala kapena kilinikala ofesa amene ankamuyang'anira. Mafomu ambiri otere amakhala ndi zigawo ziwiri. Kumtunda kuli timabokosi tochongamo malikisi pa zinthu monga kufunsa wodwala mbiri ya matenda, kupima, kusunga nthawi ndi khalidwe. Kumunsi kuli mizere ingapo yopanda kanthu yoti woyang'anirayo alembemo maganizo ake. Timabokosi timadzazidwa msanga. Vuto lagona pa mizere ija, chifukwa kawirikawiri pamangolembedwa kuti "wolimbikira, apitirize" kapena "aziwerenga kwambiri", basi kenako siginecha ndi chidindo.

Ndemanga yotereyi si yabodza, koma palibe amene angaigwiritse ntchito. Wophunzira sadziwa choti akonze Lolemba likubwerali, ndipo sukulu yake siidziwa ngati munthuyu angasiyiridwe mwana wokomoka pakati pa usiku.

Nkhaniyi ikukhudza ogwira ntchito m'zipatala za m'maboma kuposa mmene ambiri amaganizira. Madokotala athu amaphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inayamba kuyenda payokha mu 2021 ataphatikiza College of Medicine, yotsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndi Kamuzu College of Nursing. Makilinikala ofesa ambiri amachokera ku Malawi College of Health Sciences, yomwe ili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, ndipo anamwino ndi azamba ochuluka amaphunzira m'makoleji a mipingo omwe ali pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo yachikhristu m'Malawi. Onsewa gawo lalikulu la maphunziro awo limachitikira pa bedi la wodwala, kutali ndi aphunzitsi a kusukulu. Motero munthu wogwira ntchito pa chipatala cha boma ku Salima kapena ku Nkhotakota, kapena pa chipatala cha mishoni ngati St Anne's, amangozindikira ali mphunzitsi ngakhale sanaphunzirepo zauphunzitsi. Zimene walemba pa fomu ndi mbali ya umboni umene sukulu imadalira pomukhozetsa wophunzira, asanakalembetse ku Medical Council of Malawi kapena ku Nurses and Midwives Council of Malawi.

Chifukwa chake malikisi okha sakwanira

Mu 1990 George Miller, katswiri wa maphunziro a udokotala wa ku America, anagawa luso la dokotala m'masitepe anayi: kudziwa, kudziwa mmene angagwiritsire ntchito zomwe akudziwazo, kuonetsa kuti angathe, ndi kuchitadi pa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Mayeso olemba amayeza masitepe awiri oyamba. Mayeso a OSCE, omwe Ronald Harden ndi anzake anawafotokoza ku Dundee mu 1975, amayeza lachitatu: wophunzira amazungulira m'masiteshoni a mphindi zochepa n'kumaonetsa luso pamaso pa woyesa. Koma pamenepo akudziwa kuti akumuona, ndipo wadzikonzekeretsa. Sitepe lachinayi limaoneka m'wodi mokha, pamene mzere wa odwala watalika, magolovesi atsala pang'ono kutha, iye watopa.

Nambala ya 3 mwa 5 siingathe kufotokoza zimenezi. Ophunzira awiri angapeze 3 pa kupima wodwala, woyamba chifukwa amapima bwino koma mochedwa kwambiri, wachiwiri chifukwa amafulumira n'kudumpha kumvetsera pachifuwa chakumsana. Mavuto awo ndi osiyana, mankhwala ake ndi osiyananso, ndipo wachiwiriyo ndiye woopsa. Malo okhawo ofotokozera kusiyanaku ndi mizere yam'munsi ija.

Mmene ndemanga yothandiza imaonekera

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekezera cha nyengo ya dzinja, pamene mawodi a ana m'mphepete mwa nyanja amadzaza ndi malungo. Woyang'anira wina angalembe kuti "awerenge za malungo aakulu". Wina, pa wophunzira yemweyo, angalembe motere:

"Pa 12 Febuluwale ndinamuona akulandira mwana wa zaka 3, wolemera makilogalamu 12, wokomoka, mRDT (kachipangizo koyezera magazi mwachangu) itaonetsa malungo. Anayeza kukomoka ndi Blantyre Coma Score n'kupeza 2, ndipo nditabwereza ndinapezanso 2. Mankhwala a malungo a artesunate anawerengera 2.4 mg pa kilogalamu m'malo mwa 3 mg yoyenera mwana wosakwana makilogalamu 20. Shuga sanayeze mpaka namwino atamukumbutsa. Takambirana lero. Sabata yamawa alandire ana atatu odwala kwambiri ine ndili pomwepo, ndipo azinena shuga ndi mlingo wa mankhwala asanapereke."

Onani zomwe zili m'menemo. Muli tsiku ndi chimene chinaoneka ndi maso. Muli muyezo umene akumuyerekeza nawo, kotero wophunzira sanganene kuti abwana akungomuda. Akhoza kutsegula buku la ndondomeko n'kupeza yekha kuti mwana uja amayenera kulandira 36 mg osati 28.8 mg. Muli chimene wachita bwino, chotchulidwa ndi dzina lake. Kenako muli ntchito yotsatira, yokhala ndi nambala ndi nthawi. Chomalizachi ndicho chimasowa kwambiri ngakhale mwa oyang'anira akhama. Kuuza munthu kuti aziwerenga kwambiri kuli ngati kuuza msodzi kuti ukonde wake wang'ambika osamulozera pomwe pali chibowo.

Pali chinthu chimodzi chimene tingawonjezere pa ndemanga ija pakakhala malo: chifukwa chake kulakwitsako n'kofunika. Mwana wokomoka ndi malungo amatha kukhala ndi shuga wotsika, ndipo shuga wotsika amapha kapena kuwononga ubongo msanga pomwe kumukweza n'kosavuta, 5 ml pa kilogalamu ya madzi a shuga (dextrose) a 10 peresenti. Wophunzira akamva chifukwa, saiwala. Akangouzidwa kuti waphwanya ndondomeko, amakumbukira masiku ochepa okha.

Kuyamikira nakonso kumafuna tsatanetsatane yemweyo. Ku Nkhotakota, wophunzira amene waona wodwala wotentha thupi, mRDT yosaonetsa malungo, n'kumufunsa ngati amakhala kapena kulima pafupi ndi nkhalango yosungirako nyama ndiponso ngati analumidwa ndi kashembe, waganizira za kaodzera pamalo oyenera kuganizirapo. Zimenezo zilembedwe momwemo. "Waluntha" sizimuuza kuti chimene wachita bwino ndi kulumikiza komwe wodwala amakhala ndi matenda ake, ndiye sangadziwe choti abwereze.

Owerenga awiri, pepala limodzi

Chimene chimavutitsa ndemanga n'chakuti owerenga ake ndi awiri ndipo akufuna zosiyana. Wophunzira akufuna kudziwa choti akonze. Sukulu ikufuna kudziwa pamene wafika. Woyang'anira akamalemba akuganiza za sukulu yokha, amaopa kutchula zofooka kuti zingamulepheretse mwana wa eni. Akamaganiza za wophunzira yekha, amalemba malangizo osanena ngati ntchitoyo ndi yokwanira pa chaka chimene ali.

Njira imodzi yonenera pamene wophunzira wafika ndi ya Louis Pangaro ya mu 1999, yodziwika kuti RIME. Poyamba wophunzira amangotha kusonkhanitsa ndi kufotokoza molondola zomwe wapeza. Kenako amatha kumasulira kuti zikutanthauza matenda ati. Akakula amakonza yekha chithandizo, ndipo pamapeto amaphunzitsa ena. Njirayi ndi yabwino, komabe ife timaona kuti yosavuta kwa anthu otanganidwa ndi funso limene Olle ten Cate wa ku Netherlands analitchukitsa kuyambira mu 2005: pa ntchito iyi, ndingamukhulupirire mpaka pati? Angoonerera? Achite ine ndili pambali pake? Achite ine ndili pafupi poti angandiitane? Achite yekha? Funsoli oyang'anira amaliyankha kale mumtima tsiku lililonse akamasankha womutuma kukaika kanyula, kapaipi kolowetsa mumtsempha, pa mwana wouma thupi. Chotsala n'kungolilemba, ntchito iliyonse payokha: "Kuika kanyula pa wamkulu, angathe yekha. Pa khanda, pakhale womuyang'anira pambali. Kuchotsa madzi a pamsana, wangoonerera kawiri, sanachitepo." Ziganizo zitatu zimenezo zimauza sukulu ndi woyang'anira wotsatira zambiri kuposa tsamba lonse la mawu oyamikira.

Sungalembe zomwe sunaone

Ndemanga zambiri zimakhala zopanda kanthu chifukwa wolembayo sanamuonepo wophunzirayo akugwira wodwala. Anangomumva akufotokoza pa handover ya m'mawa, pomwe ogwira ntchito amapatsirana odwala, kapena pa laundi yozungulira odwala m'wodi. Kumva munthu akunena kuti pachifuwa pali bwino si kumuona akumvetsera pachifuwa.

Bungwe la American Board of Internal Medicine linakonza njira yotchedwa mini-CEX m'zaka za m'ma 1990: woyang'anira amaonerera wophunzira ndi wodwala weniweni kwa mphindi 15 mpaka 20, kenako amakambirana naye kwa mphindi pafupifupi 5 n'kulemba. Pa chipatala chimene kilinikala ofesa mmodzi akuyang'ana wodi yonse ndipo akuitanidwanso ku fiyeta, mphindi 20 n'zambiri. Yankho lake n'kuduladula. Sankhani chinthu chimodzi, chioneni kwa mphindi zitatu kapena zisanu. Lero muone mmene akuwerengera kapumidwe ka mwana wa chifuwa: kodi akuwerenga mphindi yathunthu mwana ali chete, kapena akuwerenga masekondi 15 mwana akulira n'kuchulukitsa kanayi? Kodi akudziwa kuti kupuma mofulumira kumayambira pa 50 kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11, ndi pa 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zisanu? Mkuja muone mmene akufotokozera gadiyani kamwedwe ka LA.

Mukatha kuona, lembani mizere iwiri mu kabuku ka m'thumba nthawi yomweyo, ndi tsiku lake. Kawiri pa sabata n'kokwanira. Pa masabata 6 mudzakhala ndi zolemba 12, ndipo ndemanga yomaliza imangotuluka m'menemo. Ophunzira akachuluka m'wodi imodzi, gawanani mayina pa tsiku loyamba kuti aliyense akhale ndi womuona wodziwika. Wophunzira wa aliyense amakhala wopanda mwini.

Logbook, buku limene wophunzira amasayinitsamo ntchito zomwe wachita, siilowa m'malo mwa zimenezi. Imawerenga kuti wachita kangati, osati kuti wachita bwanji, ndipo aliyense wodziwa mawodi akudziwa mmene masiginecha amasakidwira sabata yomaliza.

Zomwe zimapotoza cholembera

Fomu yodzazidwa tsiku lomaliza, wophunzira ataima pakhomo chikwama chili kumsana kudikira minibasi ya ku Lilongwe, imakumbukira zinthu ziwiri zokha: zomwe zachitika sabata imeneyo, ndi chinthu chimodzi chachikulu, chabwino kapena choipa. Masabata ena onse amasowa.

Palinso kukopeka ndi mbali imodzi ya munthu. Wophunzira wolankhula Chingerezi chosalala pa handover amapatsidwa malikisi apamwamba ngakhale pa kupima, pomwe palibe anamuona akupima. Wofatsa, wolankhula motsitsa, amalembedwa kuti sadzidalira, chonsecho mafayilo ake ndi olembedwa bwino kuposa a anzake onse. Kafukufuku wa m'sukulu za udokotala ku America wapeza kuti ophunzira aakazi amafotokozedwa kwambiri ndi mawu a chikhalidwe, monga kukoma mtima ndi nsangala, pamene aamuna amafotokozedwa kwambiri ndi mawu a luso. Kudziyesa n'kosavuta: werengani ndemanga yanu mutaika dzina la mnyamata pamalo pa la mtsikana, muone ngati mukadalemba chimodzimodzi.

Mawu onena za umunthu wa wophunzira, m'malo mwa ntchito yake, amawononga. Avraham Kluger ndi Angelo DeNisi anasonkhanitsa kafukufuku wambiri mu 1996 ndipo anapeza kuti ngakhale kuuza munthu mmene wachitira kumathandiza nthawi zambiri, pa magawo atatu alionse loposa limodzi kunachititsa kuti ntchito itsike. Kufotokoza kwawo kunali kwakuti mawu akalunjika pa munthu, maganizo ake amachoka pa ntchito n'kupita pa kudziteteza. Mukalemba kuti "waulesi", wophunzira amayamba kukonza zokutsutsani. Mukalemba kuti "anachedwa pa handover masiku 4 mwa 10, ndipo pa awiri mwa masikuwo odwala ake analibe wowafotokoza", palibe chotsutsa, ndipo choti akonze chili poyera.

Vuto lalikulu kuposa onsewa ndi kuopa kulepheretsa. Nancy Dudek ndi anzake ku Canada anafunsa madokotala oyang'anira ophunzira, ndipo mu 2005 anafotokoza zifukwa zimene amakhozetsera munthu amene akudziwa kuti sanakhoze: analibe zolemba za tsiku ndi tsiku zoti zikhale umboni, sankadziwa zoyenera kulemba, ankaopa chintchito cha apilo, ndipo sankaona thandizo limene wolepherayo angakapeze. Kwathu kuno onjezanipo chifundo. Woyang'anira amadziwa kuti fizi ya mwanayu yachokera m'mbuzi ndi m'mpunga wa makolo, ndipo safuna kudziwika kuti ndiye anamutsekera tsogolo. Pa boma laling'ono mwina amapemphera naye mpingo umodzi. Chifundo chimenechi n'chomveka, koma amene amalipira ndi wodwala wa pa health centre yakutali kumene munthuyo adzakhale yekha popanda womufunsa.

Poopa kunena zoona, oyang'anira amayamba kulankhula mophiphiritsa. Shiphra Ginsburg ndi anzake ku Toronto anaonetsa kuti aphunzitsi ozolowera amawerenga ndemanga ngati zili ndi chinsinsi: "akusintha" amamva kuti anali wofooka, "wabwino" amamva kuti ndi wapakatikati kapena wotsikirapo, ndipo ndemanga yongoyamikira kusunga nthawi amamva kuti panalibe china choyamikira. Wophunzira wongoyamba kumene angawerenge mawu omwewo n'kupita kwawo akusangalala. Woyenera kumva uthenga ndiye amene saumva.

Zomwe dokotala saona, anamwino amaona

Khalidwe la wophunzira limaoneka bwino dokotala akatuluka m'wodi. Musanalembe, funsani a sisitala oyang'anira wodi ndi azamba, koma funsani zenizeni, osati "ali bwanji ameneyu". Kodi akaitanidwa usiku amabwera? Ku leba, kodi partograph, fomu yolembapo mmene kubereka kukuyendera, amaidzaza pa nthawi yake, kugunda kwa mtima wa mwana mphindi 30 zilizonse ndi kupima njira maola 4 alionse, kapena amadzaza mizere yonse kamodzi mayi atachira kale? Chachiwirichi si ulesi wamba; ndi kulemba zinthu zomwe sanayeze, ndipo chiyenera kulembedwa ndi dzina lake.

Kulankhula ndi odwala kulembedwenso ndi zitsanzo. Wophunzira amene amauza mayi kuti "mwana amwe kawiri pa tsiku" n'kutembenuka wasiya zambiri. Amene amati "Amayi, mankhwalawa ndi a masiku atatu, kawiri pa tsiku, onse pamodzi kasanu n'kamodzi. Wamwa tsopano, amwenso pakatha maola 8, ndipo muzimupatsa atadya kapena atayamwa. Tandibwerezereni ndimve", ameneyo wachita ntchito yoti itchulidwe. Ku Salima ndi ku Nkhotakota kumabwera odwala ena omasuka kwambiri m'Chiyao kapena m'Chitonga, ndipo ndi bwino kuona ngati wophunzira amafuna womasulira kapena amangokweza mawu.

Wophunzira akamavutika

Palibe chimene chiyenera kuonekera koyamba pa fomu yomaliza. Wophunzira akawerenga chofooka chake tsiku lotsanzika, sangakonzenso kanthu, ndipo ali ndi chifukwa chodandaulira. Ndiye pakati pa nthawi yake, sabata yachitatu ngati akukhala masabata 6, mukhale naye pansi kwa mphindi 10 pamalo poduka mphepo, osati pamaso pa odwala kapena anzake. Ayambe iye kunena mmene akudzionera. Kenako muwerengereni zomwe zili mu kabuku kanu. Mugwirizane zinthu ziwiri kapena zitatu zoti akonze, osapitirira apo, chilichonse chikhale ndi tsiku loti mudzachionenso. Lembani, nonse musayine, ndipo ngati vuto ndi lalikulu dziwitsani woyang'anira maphunziro wa kusukulu kwake sabata yomweyo.

Funsaninso chimene chili kuseri. Wochedwa m'mawa mwina akugona kutali ndi chipatala ndipo ndalama ya kabaza yamuthera. Wosokonezeka mwina ali ndi maliro kapena akudwala. Izi zimasintha thandizo loti apatsidwe, koma sizisintha muyezo, ndipo tsatanetsatane wake salembedwa pa fomu imene idzadutsa m'manja mwa anthu ambiri. N'kokwanira kulemba kuti watumizidwa kwa alangizi a kusukulu.

Zina sizidikira sabata yachitatu. Kulemba kutentha kwa thupi kapena BP yomwe sanayeze, kuba siginecha mu logbook, kuchita yekha ntchito imene sanaloledwe, kubwera ataledzera, kujambula wodwala n'kutumiza pa WhatsApp: zimenezi zilembedwe tsiku lomwelo, ndi nthawi ndi amene anaona, n'kupita kwa mkulu wa wodi ndi kusukulu.

Wophunzira naye ali ndi mbali yake. Asabwere ndi fomu tsiku lomaliza. Aipereke pa tsiku loyamba ndi kupempha tsiku lokambirana. M'malo mofunsa kuti "ndikuchita bwanji, achimwene?", funso lobala yankho ndi lakuti "mawa mungandione ndikupima mimba ya wodwala mmodzi, mundiuze chimodzi choti ndisinthe?" Siginecha yake pa fomu ikutanthauza kuti wawerenga, osati kuti wavomereza. Ngati sakugwirizana nazo, alembe yankho lake lalifupi lokhala ndi masiku ndi zochitika, liphatikizidwe ku fomuyo.

Pomaliza kulemba, onaninso kuti m'ndemanga mulibe dzina la wodwala, mudzi wake kapena nambala ya fayilo. "Mwana wa zaka 3" kapena "mayi wa mimba yoyamba" n'zokwanira, makamaka ngati nkhani ikukhudza HIV. Lembani dzina lanu momveka pansi pa siginecha, udindo wanu, ndi kuti munamuona wophunzirayo kangati. Ngati munamuona kamodzi kokha, nenani choncho, kuti sukulu idziwe kulemera kwa mawu anu ndipo ifunse wina amene anagwira naye nthawi yaitali.